Mutu ukayamba kuchedwa: kulondola matenda akumtundu a timitsempha ta mu ubongo

Ulimi wa fodya umaoneka ngati ntchito ya manja, koma umalemetsa kwambiri mutu. Mlimi wa ku Santhe, ku Chamama kapena kwa Chulu m'boma la Kasungu amasunga m'mutu mwake ndondomeko ya chaka chathunthu: kufesa nazale chilimwe chili pakati, kuwokera mvula yoyamba ikagwa, kuthira feteleza pa nthawi yake, kubandira, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo mpaka akafike kumsika wa Chinkhoma. Pakati pa zonsezi pali ngongole ya zipangizo, malipiro a aganyu ndi ndalama ya galimoto yonyamula mabelo. Ntchito imodzi ikachedwa ndi masabata awiri, zotsatira zake zimakaonekera pa pepala la malonda.

Ndiye zimachitika kuti munthu amene wayendetsa ntchito imeneyi kwa zaka makumi awiri osaphonya, pofika zaka 45 kapena 50 amayamba kuterereka. Sikuti waiwala maina a ana ake ayi. Njira ya kudimba akuidziwa, ndipo nkhani za kale akuzifotokoza bwino lomwe. Koma kuwerengera malipiro a aganyu asanu kukumutengera theka la tsiku. M'chigafa akusakaniza magiredi amene kale ankawasiyanitsa pongoponya diso. Wina akamulankhula ali pakati pa ntchito, akusowa pamene analekezera. Kenaka amayamba kungokhala pakhonde, osadandaula n'komwe kuti nazale yauma. Apabanja amati ndi ulesi, ena amati ndi mowa, enanso amayamba kuloza chala mbale amene anakangana naye za malire a munda.

Dokotala wa za ubongo akamva mbiri yotere amafunsa mafunso ena. Kodi kumtundu kwa munthuyu kuli amene anafa ziwalo asanamere imvi? Kodi iyeyu ali mnyamata ankadwala mutu waching'alang'ala, uja umayamba ndi kuona zong'anima m'maso kapena dzanzi kumkono? Kodi anayamba wapindikapo pakamwa kapena kulephera kulankhula kwa kanthawi, kenaka n'kukhalanso bwino? Mayankho akakhala akuti inde, makamaka kwa munthu amene alibe vuto la kuthamanga kwa magazi, limodzi mwa matenda amene amaganiziridwa ndi CADASIL. Awa ndi matenda osowa, koma pa matenda onse akumtundu oononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi mu ubongo, ndiwo amapezeka kwambiri, ndipo apezekapo mwa anthu a mitundu yosiyanasiyana pa dziko lapansi.

Mbiri yake ndi ya posachedwa. Mu 1955 dokotala wa ku Belgium, Ludo van Bogaert, analemba za amayi awiri apachibale amene ubongo wawo unaonongeka mofanana asanakalambe. Mu 1976 dokotala wa ku Paris, Marie-Germaine Bousser, analandira bambo wa zaka 50 amene anadwala sitiroko popanda chifukwa chooneka, ndipo patapita zaka kunapezeka kuti zithunzi za ubongo wa ana ake zinali ndi zipsera zofanana ndi za bambo wawo. Mu 1993 Bousser ndi Elisabeth Tournier-Lasserve anapeza kuti vutoli lili pa kromozomu ya nambala 19, ndipo m'chaka chomwecho matendawa anapatsidwa dzina lake. Mu 1996 Anne Joutel ndi anzake analoza jini yeniyeni, yotchedwa NOTCH3. Mawu akuti jini m'nkhani ino asasokonezedwe ndi majini aja amatchulidwa kwa asing'anga. Jini ya asayansi ndi kalangizo kakang'ono ka m'thupi kamene mwana amatengera kwa makolo, kofanana ndi kamene kamachititsa kuti afanane mphuno ndi agogo ake.

Kholo limodzi likakhala ndi jini yolakwikayi, mwana aliyense amakhala ndi mwayi wa theka woitengera, kaya ndi wamwamuna kaya ndi wamkazi, kaya kholo lodwalalo ndi bambo kaya ndi mayi. Apa m'pamene mabanja a Chichewa angaphonye, chifukwa pa mwambo mtundu umawerengedwa kuchikazi. Munthu akafunsidwa za kumtundu amathamangira kutchula amayi, atsibweni ndi agogo akuchikazi. Matendawa sadziwa za mbumba. Azakhali amene anafa ziwalo ali ndi zaka 48 ndi umboni wofunika chimodzimodzi ndi atsibweni.

Chimene chimaonongeka

Timitsempha tating'ono tolowa m'katikati mwa ubongo tili ndi timinofu m'makoma mwake totithandiza kufutukuka ndi kufinyika malinga ndi magazi amene akufunika. Mwa munthu wa CADASIL, zidutswa za puloteni ya NOTCH3 zimaunjikana m'makoma amenewa, timinofu tija timafa pang'onopang'ono, khoma limalimba ndipo njira ya magazi imachepa. Mbali imene imavutika koyamba ndi minyewa yoyera ya m'kati mwa ubongo, imene ntchito yake ndi kulumikiza zigawo za ubongo kuti zizitumizirana mauthenga. Kamtsempha kakatsekeka kotheratu, kachigawo kamene kamadyetsedwa ndi iko kamafa n'kusiya kabowo kakang'ono. Timabowo tina timabwera ndi sitiroko yooneka, koma tambiri timabwera mwakachetechete.

Ichi ndicho chifukwa chake matendawa sayamba ndi kuiwala, monga amachitira matenda a Alzheimer. Zimene munthu akudziwa zikadali m'malo mwake, koma misewu yokazitengera yakumbika. Zili ngati fodya amene ali bwinobwino m'chigafa koma mlatho wopita ku M1 wakokoloka: katundu alipo, chovuta ndi kumutulutsa pa nthawi yake. Motero choyamba kutsika ndi liwiro la kuganiza, kutha kukonza ndondomeko, ndi kutha kusiya ntchito ina n'kugwira ina popanda kusokonezeka. Munthuyo akaiwala mawu amene anauzidwa, kumukumbutsa pang'ono kumakwanira kuti awatulutse, pamene wa Alzheimer nthawi zambiri sawapeza ngakhale akumbutsidwe.

Kafukufuku wa ku Ulaya akuonetsa kayendedwe kamene matendawa amakonda kutsata, ngakhale kuti anthu amasiyana kwambiri, ngakhale a bere limodzi. Mutu waching'alang'ala, kwa amene amaudwala, umayamba cha m'ma zaka 30. Pofika zaka 35 pafupifupi onse otengera jiniyi amakhala ndi zipsera zooneka pa makina a MRI, ngakhale iwo akumva bwino. Sitiroko yoyamba imakonda kubwera pakati pa zaka 45 ndi 50. Odwala pafupifupi 40 mwa 100 alionse amagwidwa ndi mphwayi yeniyeni ya matenda, yosiyana ndi ulesi komanso yosiyana ndi chisoni: munthu salira, sadandaula, amangosowa choyambitsa chilichonse. Kafukufuku wa ku Germany wa odwala 411, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti theka la amuna linali litamwalira pofika zaka pafupifupi 65, ndipo la akazi pofika zaka pafupifupi 71.

Kuyeza munthu ndi mmene analili

Kulondola kutsika kwa nzeru kumatanthauza kuyeza munthu mmodzi yemweyo kangapo, pa nthawi zotalikirana, ndi muyeso umodzi womwewo. Mlimi wa fodya amalidziwa kale lamulo limeneli, chifukwa belo loyezedwa pa masikelo awiri osiyana limabala mkangano. Kuyeza kamodzi kumangonena mmene munthu wachitira pa tsikulo. Mphunzitsi wopuma pa ntchito akhoza kukhoza bwino mayeso a dokotala chonsecho watsika kale kwambiri poyerekeza ndi mmene analili, pamene mayi amene analekezera Sitandade 3 akhoza kulephera mafunso ambiri mutu wake uli wakuthwa ngati kale.

Mayeso otchuka kwambiri m'zipatala ndi a MMSE, amene anatuluka mu 1975 ndipo ali ndi mapointi 30. Vuto lake pa matenda awa n'lakuti amafunsa kwambiri za tsiku, malo ndi kukumbukira mawu, zinthu zimene wodwala CADASIL amazigwiritsabe kwa zaka zambiri. Munthu akhoza kupeza mapointi 28 kuchipatala, kunyumba ntchito ya kumunda itamukanika kale. Mayeso a MoCA, amene Ziad Nasreddine wa ku Montreal anafalitsa mu 2005, nawonso ali ndi mapointi 30 ndipo amatenga mphindi pafupifupi khumi, koma amagwira msanga vuto la kukonza ndondomeko. Palinso mayeso a Trail Making, amene akatswiri a matendawa amawadalira kwambiri. Wodwala amapatsidwa pepala la timikombero 25 ndipo amalumikiza manambala motsatana, kenaka pa pepala lachiwiri amalumikiza mosinthanasinthana nambala ndi chilembo: 1, A, 2, B, mpaka kumapeto. Chimene dokotala amalemba ndi masekondi amene atengedwa. Masekondi amenewa akamachuluka chaka ndi chaka, ndiye kuti misewu ya mu ubongo ikunka nikumbika.

Koma mayeso onsewa anapangidwira anthu ozolowera pensulo ndi afabeti. Kupatsa mlimi amene sanagwirepo cholembera pepala la 1, A, 2, B ndi kuyeza sukulu imene sanapite, osati ubongo wake. Ofufuza amene ankagwira ntchito m'boma la Hai, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, anakumana ndi vuto lomweli ndipo anakonza mayeso otchedwa IDEA, osafuna kuwerenga kapena kulemba. Munthu amafunsidwa kuti atchule nyama zambiri mmene angathere m'mphindi imodzi, atchule dzina la mtsogoleri wa mudzi wake, akumbukire mawu khumi, ndiponso ayale timitengo tinayi ta machesi motengera chithunzi chimene waonetsedwa. Mayesowa anapangidwira okalamba, osati odwala CADASIL, koma funso la nyama lija limakhudza liwiro la kuganiza, ndipo lingafunsidwe pa chipatala chilichonse chimene chili ndi wotchi.

Kuyeza mobwereza kulinso ndi misampha yake. Munthu akayesedwa pafupipafupi amaloweza mayesowo, ndipo mapointi amakwera ngakhale matenda akupitirira, n'chifukwa chake madokotala amatalikitsa nthawi, miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Munthu amene akudwala malungo, amene sanagone, amene wafika pachipatala ndi njala atapalasa njinga kuchokera kutali, kapena amene wangodwala sitiroko masabata apitawo, amakhoza moperewera pa zifukwa zina. Kusamva bwino ndi kusaona bwino nakonso kumadya mapointi. Ndipo kutsika kwenikweniko sikuyenda mofanana: nthawi zina kumakhala kwa pang'onopang'ono, nthawi zina munthu amakhala chimodzimodzi kwa zaka ziwiri kenaka n'kutsika kamodzi n'kamodzi chifukwa cha kabowo katsopano.

Kumaiko kumene makina alipo ambiri, mayeso a pakamwa amayenda limodzi ndi zithunzi za MRI. Chodabwitsa n'chakuti kukula kwa zipsera zoyera, zimene zimaoopsa kwambiri poziona pa chithunzi, sikulosera bwino za kutsika kwa nzeru. Zimene zimalosera bwino ndi kuchuluka kwa timabowo tija ndi kufota kwa ubongo wonse. Kafukufuku wa odwala 290 a ku Paris ndi ku Munich, amene anatsatidwa kwa zaka zitatu ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anatsimikiza zimenezi, ndipo anaonetsanso kuti kusintha kwa kayendedwe ka munthu ndi chizindikiro chakuti matenda akulowera koipa. Ofufuza akuyesanso puloteni ina ya m'magazi, yotchedwa neurofilament light, imene imachuluka minyewa ya ubongo ikamaonongeka.

Kuno kumudzi

Makina a MRI amene anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 anabwera chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo ndi amene anathandiza Terrie Taylor, Karl Seydel ndi anzawo kuonetsa mu 2015 kuti ana ambiri ofa ndi malungowa amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongo. Kwa wodwala wa ku Kasungu, njira imayambira pa chipatala chaching'ono, kapena pa zipatala za mishoni monga cha Nkhamenya ndi cha St Andrew's ku Mtunthama, kudzera pa chipatala cha boma, mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma. Kujambulitsa ubongo chaka ndi chaka n'kosatheka kwa banja lodalira mabelo ochepa. Nayo jini imayezedwa m'malabotale apadera ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Ndiponso dokotala wanzeru sathamangira ku CADASIL. Timitsempha ta mu ubongo timaonongeka kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga, popanda za kumtundu. Kafukufuku wa dziko lonse wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kafukufuku wa Laura Benjamin ndi anzake pa Queen Elizabeth, wofalitsidwa mu 2016, anaonetsa kuti mwa achikulire ocheperako zaka, kachilombo ka HIV n'kamene kanali patsogolo pa zochititsa sitiroko. Chindoko, mowa, matenda a nkhawa, kuperewera kwa vitamini B12 ndi vuto la chithokomiro nazonso zimachedwetsa mutu. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala, choncho ziyenera kuyezedwa koyamba.

Chida cholondolera chimene banja lililonse lingakhale nacho ndi kope. Madokotala okha amavomereza kuti umboni wa munthu wokhala ndi wodwala ndi wofunika ngati mayeso a kuchipatala, makamaka chifukwa wodwalayo nthawi zambiri saona kuti wasintha. Koma umboni wa pakamwa umasungunuka. Mayi akafunsidwa kuti bambo anayamba liti kusokoneza, amati "chaka chatha chomwechi", chonsecho vuto linayamba zaka zitatu zapitazo. Kope lolembedwa madeti silinama chotero.

Zolembamo si za nzeru za kusukulu, koma ntchito zimene munthuyo ankazichita yekha. Chaka chino anakonza yekha bajeti ya feteleza kapena anachita kumuthandiza? Anasankha magiredi yekha? Amatha kutumiza ndalama pa foni, kapena nambala yachinsinsi akuisunga ndi mwana? Akapita pa boma ndi zogula zisanu, amabwera nazo zingati? Pamsonkhano wa kalabu amatsatira nkhani kapena amangovomereza? Tsiku limene mkono unachita dzanzi, limene lilime linalemera, limene anagwa, limene anayamba kukoka mwendo kapena kulephera kugwira mkodzo, lonselo lilembedwe ndi deti lake. Popeza ulimi wa fodya umabwereza ntchito zomwezo pa miyezi yomweyo, nyengo iliyonse imakhala muyeso wa inzake: Epulo wa chaka chino ayerekezedwe ndi Epulo wa chaka chatha. Kope limeneli likamayenda limodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo dokotala aliyense akamalembamo mapointi a mayeso ndi dzina la mayesowo, wodwala sayambiranso pa chiyambi nthawi iliyonse akakumana ndi dokotala watsopano.

Wina angafunse kuti phindu la kulondola matenda opanda mankhwala n'chiyani. Zoona, mankhwala ochiza CADASIL palibe. Mankhwala a donepezil, amene amaperekedwa kwa odwala Alzheimer, anayesedwa pa odwala 168 mu kafukufuku wotsogozedwa ndi Martin Dichgans, ndipo zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti sanasinthe muyeso waukulu wa nzeru, ngakhale panali kusintha pang'ono pa mayeso a liwiro. Komabe pali zinthu ziwiri zimene zili m'manja mwa wodwala. Choyamba ndi kusuta. Kafukufuku wa ku Britain komanso uja wa ku Paris ndi Munich anapeza kuti osuta amadwala sitiroko msanga ndiponso kawirikawiri kuposa osasuta. M'dera limene tsamba lili pakhomo ndipo chingambwe sichigulidwa, uphungu umenewu ndi wovuta kuutsata, koma ndi umene uli ndi umboni wolimba. Chachiwiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene kumathira mchere pa chilonda cha timitsempha todwala kale. Kuyezetsa ndi kumwa mankhwala mosadumphitsa n'kotheka pa zipatala za m'boma momwemo. Wodwala asayambenso yekha mankhwala osungunula magazi, chifukwa timitsempha timeneti timathanso kuchucha.

Phindu lina ndi la pakhomo. Munthu amene sakuthanso kulinganiza zinthu koma akulankhula bwinobwino ndi amene amasaina ngongole imene sangathe kubweza, kugulitsa fodya kwa mavenda pa mtengo wolira, kapena kubwereketsa munda kawiri kwa anthu awiri. Banja lodziwa pamene matenda afika limatha kulowererapo mwaulemu: mkazi kapena mwana wamkulu azikhalapo posaina mapepala, ntchito zizipatsidwa imodzi imodzi, ndipo bamboyo asalandidwe zonse pa tsiku limodzi ngati kuti wamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limafuna kuti wolemba wilo akhale woganiza bwino, choncho nthawi yolemba ndi pamene kope likuonetsa kuti mutu ukadagwira. Kope lomwelo limatetezanso osalakwa. M'banja mukadwala anthu atatu motsatizana matenda ofanana, pamudzi sipachedwa kutchulidwa dzina la nkhalamba ina, ngakhale kuti lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mndandanda wa amene anadwala, zaka zawo ndi ubale wawo, ukaikidwa pamaso pa dokotala, umapereka yankho lina lomveka.

Funso lolemera kwambiri limatsalira ana. Mnyamata wa zaka 25 amene waona bambo ake ndi azakhali ake akudwala amafuna kudziwa ngati nayenso ali pa mzere. Ena akadziwa amasiya fodya ndi kukonza moyo wawo. Ena kudziwako kumawasandutsa odwala zaka makumi awiri matenda asanafike, ndipo nkhani ikamveka pamudzi ingathe kuononga ngakhale chibwenzi. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti munthu wamkulu amene alibe zizindikiro ayezedwe pokhapokha atafuna yekha ndiponso atalandira uphungu wokwanira. Ana aang'ono opanda zizindikiro sayezedwa, ngakhale makolo atapempha, kufikira atakwanitsa zaka 18 n'kusankha okha.